Mwana akapalamula, tizimuzenga mlandu ngati wamkulu?

Usiku wa pa 15 Meyi 2010, apolisi a mumzinda wa New York ku America anaimitsa mnyamata wina m'dera la Bronx pomwe ankachokera kuphwando. Munthu wina anali atamuloza chala kuti anaba chikwama chobereka kumsana. Atamusecha sanamupeze ndi kanthu, komabe anamutenga. Dzina lake anali Kalief Browder, ndipo anali ndi zaka 16.

Zakazo n'zimene zinamuika m'madzi. Nthawi imeneyo New York ndi North Carolina zinali zigawo ziwiri zokha m'dzikolo zomwe malamulo ake ankati aliyense wa zaka 16 akapalamula, aonekere kubwalo la akuluakulu. Woweruza anati belo ikhale madola 3,000, ndalama zomwe banja lake linalibe. Pambuyo pake beloyo anamukaniza n'komwe, poti anali kale pansi pa chilango choyang'aniridwa ali kunyumba pa nkhani ina ya galimoto yonyamula buledi. Basi, anamuwolotsera ku Rikers Island, ndende ya pachilumba yotchuka ndi nkhanza.

Kumeneko anakhalako zaka zitatu mlandu osazengedwa. Ankamudzutsa m'bandakucha, kumukweza basi ya ndende, kukafika kukhoti, n'kungomva oimira boma akunena kuti sanakonzeke, mlandu uimitsidwe kaye. Pafupifupi zaka ziwiri mwa zitatuzo anazithera m'chitokosi cha yekha, chitseko chotseka usana ndi usiku, chakudya kumupatsira pa kabowo. Makamera a m'ndendemo anajambula woyang'anira akaidi akumugwetsera pansi atamangidwa unyolo, komanso gulu la akaidi anzake likumuponda.

Khomo lotulukira linalipo, ndipo ankamusonyeza kawirikawiri. Mu 2013 woweruza anamuuza kuti akangovomera kulakwa, apita kwawo chifukwa nthawi yomwe wakhala m'ndende ikwanira ngati chilango. Kalief anakana, ati sangavomere zomwe sanachite. Ambiri pamenepa amagonja, ndipo sitingawanene. Koma wovomerayo amatuluka ndi katundu wosaoneka: dzina lake limalowa m'kaundula wa opalamula, ndipo tsiku lililonse akamafunsira ntchito kapena nyumba ya lendi, mlandu wa paubwana umakhala utamufikira kale kumeneko.

Anamumasula mu Meyi 2013, ndipo mlandu unathetsedwa chifukwa wodandaula anali atabwerera kwawo ku Mexico. Anayesetsa, mpaka analowa sukulu ya Bronx Community College, koma mutu sunabwerere m'malo. Pa 6 Juni 2015 anadzipha kunyumba kwa mayi ake, ali ndi zaka 22. Mtolankhani Jennifer Gonnerman anali atalemba kale nkhani yake m'magazini ya The New Yorker mu 2014, kotero imfayi inagwedeza dziko. Mu Januwale 2016 Pulezidenti Barack Obama, potchula dzina la mnyamatayu, analetsa kutsekera ana m'chitokosi cha okha m'ndende za boma lalikulu. Mu Epulo 2017 chigawo cha New York chinasintha lamulo kuti a zaka 16 ndi 17 asamangotengedwa ngati akuluakulu. Mzinda wa New York unapepesa banja la Kalief ndi madola 3.3 miliyoni mu 2019, mayi ake atamwalira kale.

Ena anena kuti imeneyo inali nkhani ya chikwama chabe, nanga mwana akapha? Funso limeneli si lopepuka, ndipo a ku Britain akulidziwa bwino. Mu Febuluwale 1993 anyamata awiri a zaka 10, Robert Thompson ndi Jon Venables, ananyengerera kamwana ka zaka ziwiri, James Bulger, kuchoka pamalo ogulitsira zinthu ku Bootle pafupi ndi Liverpool, n'kukapha. Mlandu wawo unazengedwa m'bwalo la akuluakulu ku Preston, ndipo malo oimirira oimbidwa mlandu anachita kuwakweza kuti anawo azitha kuona oweruza. Mu 1999 bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagamula kuti kuzenga koteroko sikunali kwachilungamo, chifukwa ana a msinkhu umenewo sakanatha kutsatira ndi kudziyankhira m'bwalo lotere. Anatulutsidwa mu 2001 atapatsidwa mayina atsopano. Venables anabwezedwa kundende mu 2010 komanso mu 2017 pa milandu ya zithunzi zolaula za ana. Ndani angauze mayi wa James kuti aiwale?

Milandu yoopsa ngati imeneyi imafuna kuti wopalamula asungidwe nthawi yaitali, ndipo akuluakulu a boma azimudziwa. Koma lamulo silingasokedwe poyeza milandu yosowa yoteroyo kenako n'kuveka ana onse. Ambiri mwa ana ogwidwa ndi apolisi amakhala aba foni, nkhuku kapena chimanga, kapena amenyana pa mpira. Madokotala amati ubongo wa munthu, makamaka mbali yodziletsa ndi kuganizira za mawa, umakhwima atadutsa zaka 20. Ndi maganizo ngati amenewa omwe bwalo lalikulu la America linatsamira mu 2005 pothetsa chilango cha imfa kwa opalamula asanafike zaka 18. Mwana wotere ukamugoneka ndi mbava zokhwima zaka zitatu, umakhala wamulembetsa sukulu ya umbava ndi ndalama za boma.

Kuno kwathu, papepala zinthu zili bwino ndithu. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 linakhazikitsa mabwalo a milandu ya ana, limalola kuti milandu ing'onoing'ono ithere kunja kwa khoti mwa kupepesa kapena kubweza zomwe zinabedwa, ndipo limanena kuti mwana asaponyedwe m'ndende. Mwana wosafika zaka 10 saimbidwa mlandu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Vuto ndi malo. Sukulu zowongolera khalidwe zodziwika ndi Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre, zonse kummwera. Mu 2018 khoti lalikulu linachita kulamula kuti ana omwe anapezeka m'ndende za Kachere ndi Bvumbwe achotsedwemo.

Palinso msampha wina womwe umayambira kunyumba. Chitetezo chonsechi chimadalira zaka, ndipo ana ambiri alibe kalata ya kubadwa. Mnyamata wa zaka 16 wathupi lalikulu, ndevu zitayamba kumera, akafika pa kauntala ya polisi pa mlandu woba nkhuku popanda chikalata, n'chapafupi kumulemba kuti ndi wa zaka 19. Zikatero wagwera m'bwalo la akulu, zidindo za zala zake zasungidwa, ndipo tsiku lomwe adzafune kalata ya polisi yofunsira ntchito kapena yopitira kunja, m'pamene adzadziwe mtengo wa nkhuku anaba ija.

Makolo, kalembetseni ana anu ku ofesi ya kalembera wa dziko kuti akhale ndi kalata ya kubadwa. Ndipo mukamva kuti mwana wagwidwa, musanene kuti akaphunzire komweko. Tengani kalatayo, kapena kabuku ka kusikelo, muthamangire kupolisi tsiku lomwelo zaka zake zisanalembedwe.