Ululu wa munthu wasanduka muyeso wa mphamvu za maloboti

Ku Malindi, m'boma la Mangochi, makina si mlendo. Amishoni a mpingo wa Anglican anali ndi malo okonzerapo zitsulo pagombe limeneli, ndipo amisiri a kumeneko ndiwo ankasamalira sitima ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1901. Lero m'derali muli zigayo, mainjini a maboti a asodzi ndi makina ocheka matabwa. Makina onsewa ali ndi khalidwe limodzi: sadziwa kuti pafupi pali munthu. Lamba wa chigayo akakola malaya, amapitiriza kuzungulira mpaka wina atazimitsa injini.

M'mafakitale a mayiko olemera mwalowa makina a mtundu wina, maloboti opangidwa kuti azigwira ntchito phewa ndi phewa ndi munthu, popanda mpanda pakati. Kubwera kwawo kunadzutsa funso lovuta: kodi chitsulo chingamukanikize munthu ndi mphamvu yochuluka bwanji asanayambe kumva kuwawa?

Maloboti akale sankafunsa zimenezo. Pa 25 Januwale 1979, Robert Williams, wantchito wa pafakitale ya Ford ku Flat Rock m'dziko la America, anafa atamenyedwa ndi mkono wa loboti, ndipo amawerengedwa kuti ndiye munthu woyamba kuphedwa ndi makina oterewa. Mu 1981 Kenji Urada anafera pafakitale ya Kawasaki ku Japan pamene ankakonza loboti. Ngakhale mu 2015, mnyamata wa zaka 22 anapanikizidwa ndi loboti mpaka kufa pafakitale ya Volkswagen ku Baunatal m'dziko la Germany. Kwa zaka zambiri yankho linali limodzi: kutsekera loboti m'khola la waya ngati chilombo, munthu n'kukhala kunja.

Koma khola limadya malo ndi ndalama, ndipo pali ntchito zina zimene zimafuna dzanja la munthu ndi mphamvu ya makina nthawi imodzi. Mu 2008 kampani ya Universal Robots ya ku Denmark inayamba kugulitsa mikono ing'onoing'ono yopepuka, imene imaima yokha ikagunda chinthu. Apa ndipo panafunika nambala yeniyeni, chifukwa loboti simva mawu oti "pang'onopang'ono". Imafuna kuuzidwa malire.

Nambalayo anakaifuna m'thupi la munthu. Pa yunivesite ya Mainz ku Germany, akatswiri anasonkhanitsa anthu 100 athanzi labwino amene anadzipereka okha. Aliyense ankamukanikiza ndi kachitsulo pamalo 29 a thupi, monga pachipumi, pakhosi, pachifuwa, pamimba, pachikhatho ndi pamsongolo, mphamvu n'kumakwera pang'onopang'ono. Munthuyo anali ndi batani m'manja. Akangomva kuti kukanikiza kwasanduka kuwawa, ankadina batanilo, makina n'kubwerera m'mbuyo. Ku Magdeburg, bungwe la Fraunhofer linayesanso njira ina: kugunditsa anthu odzipereka ndi chitsulo cholendewera ngati katungwe, kuti aone kusiyana kwa kugundidwa ndi kukanikizidwa.

Zotsatira za ku Mainz, pamodzi ndi zimene madokotala analemba kale zokhudza kuvulala, zinalowa m'chikalata cha bungwe loona za miyezo padziko lonse chotchedwa ISO/TS 15066, chimene chinatuluka mu 2016. Mphamvu m'chikalatachi imayezedwa m'manyutoni, ndipo manyutoni 10 ndi pafupifupi kulemera kwa kilogalamu imodzi. Pankhope malire ndi manyutoni 65, pamimba 110, pachifuwa ndi pamanja 140, kumsana ndi m'mapewa 210, ndipo pantchafu 220. Kunena mwachidule, msana umaloledwa kulandira mphamvu yofanana ndi chigubu cha malita 20 chodzaza madzi, pamene nkhope imaloledwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chigubucho. Ngati loboti ingomugunda munthu iye n'kutha kudzandira n'kuchoka, malirewo amawirikiza kawiri. Koma ngati yamupanikizira kukhoma kapena patebulo, sawonjezera. Kumutu ndi kunkhope kulibe kuwirikiza kulikonse, ndipo okonza ntchito amalangizidwa kuti loboti isamafike n'komwe kumeneko.

Chofunika kumvetsa n'chakuti akatswiriwa sanayeze kupirira. Pali malo pamene ululu umayambira, ndipo pali malo ena patsogolo kwambiri pamene munthu amalephera kuupirira. Chikalatachi chinasankha malo oyambawo, chifukwa ululu umabwera thupi lisanavulale. Ndi mlonda amene amakuwa mbala isanathyole chitseko. Kuno kwathu, kumene mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, mfundo imeneyi ndi yachilendo koma yolondola. Msodzi amene chingwe cha khoka chamusupula m'manja iye n'kukhala chete amatamandidwa kuti ndi wolimba mtima, komabe khungu lake lang'ambika chimodzimodzi ndi la mnzake amene anafuula. Makina otchera potengera munthu wopirira kwambiri angathyole fupa la aliyense.

Ziwerengerozi zili ndi malire akenso. Anayezedwawo anali akuluakulu athanzi a ku Ulaya, osati ana kapena nkhalamba. Munthu wodwala shuga kwa nthawi yaitali, kapena amene anadwalapo khate, amatha kuchita dzanzi m'manja ndi m'mapazi, moti mlonda uja amagona pamene thupi likuwonongeka. Komanso mphamvu yokha sinena zonse: manyutoni 140 pachikhatho chathyathyathya ndi nkhani ina, manyutoni omwewo pansonga ya msomali ndi ina. N'chifukwa chake chikalatachi chimayezanso mphamvu imene ikugwera pa kachigawo kakang'ono ka khungu. Ku bungwe la DLR ku Germany, katswiri wina dzina lake Sami Haddadin ndi anzake anagwiritsa loboti mipeni n'kuiyesa pa mwendo wa nkhumba. Anapeza kuti popanda chipangizo chozindikira kugunda, mabala ake angathe kupha munthu. Loboti yofatsa ikanyamula mpeni yasiya kukhala yofatsa.

Kuchepetsa mphamvu ndi njira imodzi chabe mwa zinayi zimene chikalata cha 2016 chija chinavomereza. Zina ndi zakuti loboti iime munthu akalowa m'dera lake, kapena ichepetse liwiro iye akamayandikira, kapena munthuyo aiyendetse yekha ndi dzanja.

Wina angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Malindi. Achinyamata ambiri a ku Mangochi amapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo dziko la South Africa lili ndi mafakitale a galimoto odzaza maloboti, monga a BMW ku Rosslyn ndi a Toyota ku Durban. Kuno kumudzi, makina odziyendetsa okha analowera mumlengalenga: mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserera madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Droni ikamatera pabwalo la chipatala, ana amathamangira kukaiona, mapiko ake akuzungulirabe.

Lamulo la dziko lino loteteza anthu pantchito, la Occupational Safety, Health and Welfare Act, ndi la 1997, zaka khumi ndi chimodzi mikono yopepuka ija isanafike pamsika. Limalamula kuti ziwalo zoopsa za makina zitchingidwe, monga ankachitira ndi maloboti akale aja. Komabe m'zigayo zambiri za m'mbali mwa nyanja lamba akuzungulirabe poyera, pafupi ndi zitenje za amayi odikira ufa.