Mtengo wa nandolo pa foni: chotuluka pamwamba sindicho chowona nthawi zonse

MAJAUA, Milange. Nyengo yokolola nandolo ikafika, alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Ruo amafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi ogula akupereka zingati pa kilo? Kale ankafunsa wobwera panjinga kuchokera ku Milange kapena ku Muloza. Lero, makamaka chiyambireni Movitel mu 2012, ambiri amatuma mwana kuti afunse pa foni, ndipo yankho lotuluka pamwamba amalitenga ngati mawu a mfumu. Apa ndi pamene mlimi angataye thukuta la chaka chonse.

Makina ofufuzira nkhani pa intaneti, monga Google yomwe Larry Page ndi Sergey Brin anayambitsa ku America mu 1998, sadziwa Majaua, sadziwanso nandolo. Ntchito yake ndi kupereka mapointi kwa masamba onse okhala ndi mawu amene mwalemba, kenaka kuwandandalika kuyambira lopambana. Wogula nandolo amachitanso chimodzimodzi: amayang'ana kuuma, zinyalala ndi kufumbwa, koma zitatuzi sazilemeretsa mofanana.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Wokonza makina walamula kuti mawu akapezeka pamutu wa nkhani alandire mapointi 5, akapezeka m'kati alandire 1 paliponse, ndipo nkhani ya chaka chino iwonjezeredwe 2. Tsamba loyamba ndi lakale, koma mawu oti nandolo ali pamutu ndiponso kawiri m'kati: lapeza 7. Lachiwiri ndi la chaka chino, mawuwo ali katatu m'kati basi: lapeza 5. Lakale lija likhala pamwamba. Koma wokonzayo akasintha 2 uja kukhala 6, lachiwiri lipeza 9 n'kudumpha linzake, pomwe palibe chasintha m'nkhani zonse ziwiri. Tsono mwaona kuti wogwira sikelo ndi munthu. Google imayeza zinthu zambiri kuposa izi, kuphatikizapo kuchuluka kwa masamba ena otchula tsambalo, ndipo siulula kulemera kwa chilichonse.

Kuopsa kwa nkhani yakale alimi a kuno akukudziwa. Mu 2016 nandolo anali ndi mtengo wabwino, ndipo chaka chomwecho maboma a Mozambique ndi India anasainirana pangano la malonda a mbewuyi. Mu 2017 India inachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake, mtengo n'kugwa koopsa kuno ndi ku Malawi komwe. Munthu wowerenga mtengo wa 2016 m'chaka cha 2017 akanasunga matumba ake kudikira wogula yemwe sakanabwera.

Nanga mlimi achite chiyani? Choyamba, alembe mawu osowa. Mayi wina wa ku Cambridge, Karen Spärck Jones, anasonyeza mu 1972 kuti liwu lopezeka m'masamba ochepa liyenera kulemera kuposa lopezeka paliponse, ndipo makina ambiri ofufuzira anamangidwa pa nzeru imeneyi. Liwu loti "mtengo" lili ponseponse, limatanthauzanso mtengo wa m'tchire, koma "Milange" ndi losowa. Chachiwiri, ayese Chipwitikizi: "preço feijão boer Milange" ndi chaka chake, popeza nkhani za kuno zambiri zimalembedwa m'chinenerocho, pamene mawu oti nandolo amakonda kukoka nkhani za ku Malawi. Chachitatu, aone tsiku la nkhaniyo, malo ake, ndiponso ngati ndalamayo ndi metikali kapena kwacha. Chachinayi, tsamba lolembedwa "Patrocinado" lakhala pamwamba chifukwa mwini wake walipira.

Potsiriza, musanamange thumba panjinga, imbirani mbale wanu amene ali pamsika wa Milange tsiku lomwelo, ndipo funsani ogula awiri kapena atatu. Foni ikuthandizeni kufunsa, koma mtengo weniweni ndi umene ukuperekedwa pa sikelo lero.