Chotupa cha M'fupa: Malo Amene Chamera Ndi Ofunika kwa Dokotala

Pali zotupa zina zosowa zimene zimamera m'kati mwa fupa kuchokera ku maselo opanga chicherewecherewe, chinthu cholimba koma chopindika chonga chimene chili m'khutu ndi kunsonga kwa mphuno. Zina mwa zotupazi ndi zosaopsa, ndipo madokotala amazitcha enchondroma. Zina ndi khansa yotchedwa chondrosarcoma, imene kawirikawiri imagwira anthu opitirira zaka 40.

Pofuna kusiyanitsa ziwirizi, achipatala amadula kachidutswa ka chotupa ndi kukaunika ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Komabe kachidutswako sikaulula zonse pakokha. Chotupa cha m'fupa la chala chimatha kukhala ndi maselo ambiri othithikana, ooneka ngati a khansa, koma nthawi zambiri chimakhala chosaopsa. Cha m'fupa la m'chiuno kapena m'nthiti chimakayikiridwa kuti ndi khansa ngakhale maselo ake ataoneka ofatsa.

N'chifukwa chake mu 2020 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linagawa mayina potengera malo. Chotupa cha maselo ofatsa pang'ono chikakhala m'mafupa a mikono ndi miyendo chimatchedwa atypical cartilaginous tumour. Cha maonekedwe omwewo chikakhala m'chiuno, m'fupa la kuseri kwa phewa kapena pansi pa chigaza chimawerengedwa kuti ndi chondrosarcoma ya gawo loyamba. M'malo obisikawa chotupa chimakula osaonekera, chimavuta kuchichotsa chonse, ndiponso chimabwereranso mosavuta.

Motero katswiri wounika kachidutswa ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre amafunikira kudziwa msinkhu wa wodwala, fupa lenileni limene kachidutswako kachokera, ndi zimene chithunzi cha X-ray chaonetsa. Wodwala amene watumizidwa kuchokera kuchipatala cha boma lino asaiwale kunyamula kabuku kake ka kuchipatala pamodzi ndi zithunzi zonse zimene anajambulidwa.

Khansa imeneyi simva kwenikweni mankhwala a khansa, choncho chithandizo chake chachikulu ndi opaleshoni. Chotupa chikapezeka chidakali chaching'ono, opaleshoniyo imakhala yopepuka ndipo mkono kapena mwendo umapulumuka. Aliyense amene akumva kupweteka kosatha m'kati mwa fupa, makamaka usiku, kapena waona chotupa cholimba chimene chikukula pang'onopang'ono, apite kuchipatala msanga m'malo mochitema mphini kapena kudikira kuti chiphwe chokha.