Laputopu ya Mlembi wa Kalabu kwa Mwase

Pa 14 Okutobala 2025, pamene alimi a m'zigwa za Kasungu anali kalikiliki kuthirira nazale za fodya pa dzuwa loswa mtengo, eni ake a Windows 10 kutsidya kwa nyanja analeka kuisamalira pulogalamuyo, imene inatuluka mu 2015 ndi kutha zaka khumi ikuyendetsa makompyuta m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba za anthu. Ndipo ngakhale palibe kompyuta imene inazima tsikulo, kuyambira pamenepo zigamba zotsekera mipata ya akuba a pa intaneti sizifikanso kwa aliyense monga zinkachitira kale. Mkonzi wathu, pokayika ngati nkhani yotereyi ingadutse Lilongwe ndi kukafika kumudzi, anatituma kukaona ndi maso m'dera la Mfumu Mwase.

Kale mlimi akagulitsa mabelo ake, ndalamazo zinkathera pa malata, njinga ndi wailesi. Kenaka kunadza njinga zamoto ndi masola. Koma masiku ano, msika wa ku Chinkhoma ukangotsekedwa, alipo amene amabwerera kwawo atakwapatira laputopu, ena kugulira mwana wa ku koleji, ena kuti alembemo za kalabu. Zambiri mwa izo ndi zatsopano kwa wogula yekha, pakuti zinatumikira kale m'maofesi a ku Joni kapena a ku Ulaya, ndipo zimafika kuno zitapukutidwa bwino ndi kukulungidwa m'pulasitiki. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Imene tinaiona ife inali ya mkulu wina, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anzake anamusankha kukhala mlembi wa kalabu ya alimi a fodya wa bale chifukwa cha dzanja lake labwino. Tinawapeza pakhonde, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, magalasi atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo patebulo panali kope lalikulu la chikuto cholimba momwe analembamo dzina la membala aliyense, matumba a feteleza amene anatenga pa ngongole, kulemera kwa belo lililonse ndi mtengo wake m'madola. Kuseri kwa nyumba chigafa chinali pululu, kudikira masamba a chaka chamawa. Laputopuyo, yakuda ndi yolemera ndithu, anaiika pa kansalu koluka kamene mayi a pakhomopo amavundikira mbale za alendo, ndipo chingwe chake chinalowera pazenera kukafika pa batire la sola. Inachokera ku Johannesburg m'chikwama cha mlamu wawo, koma poiyatsa inafunsa mawu achinsinsi a mwini wake wakale, munthu amene palibe anamudziwa m'mudzi monsemo. Motero panalibe kuchitira mwina koma kufufuta zonse ndi kuikamo pulogalamu yoyendetsera yatsopano, ntchito imene anyamata amaitcha kufomata.

Woigwira anali mphwawo, mwana wa mlongo wawo, wophunzira zamagetsi ku Lilongwe. Iyeyu anali atapita dzulo lake ku tauni ya Kasungu, kumene netiweki ili ndi mphamvu, kukatsitsa Windows 11 ndi kuiika pa fulashi, pakuti fayiloyo imaposa magigabaiti 5 ndipo kumudzi bandulo ikadatha ntchito ili pakati. Analowetsa fulashiyo, nayatsa makina, nagogoda batani la F12 mobwerezabwereza kufikira patatuluka mndandanda wosankhira poyambira. Ana a pakhomo anaunjikana kumbuyo kwake, amalume anawerama kuti awerenge Chingerezi cha pagalasipo liwu ndi liwu monga ankachitira posanthula mayeso, ndipo zonse zinaoneka ngati zikuyenda, kufikira makinawo analemba mosapsatira kuti kompyutayi siingathe kunyamula Windows 11.

Chifukwa chake si chachilendo kwa odziwa. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, pamodzi ndi purosesa ya mbadwo wachisanu ndi chitatu wa Intel kapena yoposerapo, ndiye kuti makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 amatsalira panja, ngakhale akhale amphamvu ndi osawonongeka paliponse. Ya mlembiyo inali yakale kuposa pamenepo.

Apa ndipo panabuka mkangano umene unadya masana onse. Mnyamata wina wokonza mafoni pa msika wapafupi, amene anaitanidwa nafika pa kabaza, anaseka nkhawayo, nanena kuti mpandawo ndi wongodumpha: ilipo njira yokonzera fulashi kuti isafunse za TPM, iye waikapo Windows 11 motero pa makina ambirimbiri, ndipo akadawonjezerapo Word ndi Excel pa mtengo womwewo. Mphwa wa mlembi anakana kwamtuwagalu. Anati eni ake a Windows anachenjezeratu kuti makina okakamizidwa chotero alibe lonjezo la kulandira zigamba zachitetezo, ndi kuti Word ndi Excel zoperekedwa ngati basera zimakhala zobera, zotsegulidwa ndi timapulogalamu tosadziwika kochokera, pamene m'laputopu imeneyi mudzasungidwa manambala a akaunti ya kalabu ndi ngongole za anthu. Iye anafuna kuikamo Linux Mint, mphukira ya Linux imene wophunzira wina wa ku Helsinki anaiyamba mu 1991: yaulere mwalamulo, yopepuka pa makina okalamba, yobwera ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera, ndipo mtundu wake wa 22 udzasamalidwa kufikira 2029.

Mkuluyo anawamvetsera onse awiri kwa nthawi yaitali osalankhula, ndipo atatsegula pakamwa sanafunse za purosesa kapena za TPM ayi. Anafunsa mphwawo kuti mu Januwale, mvula ikadzadula misewu ndipo iye ali ku sukulu ku Lilongwe, makinawo akadzadodoma, adzathamangira kwa yani, popeza kuchokera pakhomopo kufikira ku boma aliyense wogwira kompyuta amadziwa Windows basi. Anafunsanso ngati mapepala a Excel amene alangizi amatumiza adzatseguka osasokonekera, ndi ngati kalata yolembedwa pa Linux idzatuluka pa pulinta ya pa msika. Anakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndi kuti mwina kukadakhala bwino kubwezeramo Windows 10 yomweyo, imene makinawo anabadwa akuidziwa. Njira imeneyonso inalipo, pakuti eni ake analola anthu wamba kuwonjezera chaka chimodzi cha chitetezo, kufikira pa 13 Okutobala 2026, polipira madola 30 kapena polumikiza kompyuta ku akaunti yawo ya pa intaneti; koma kumeneko kukadakhala kukankhira mlandu kutsogolo, ndipo tsikulo litakwana mkangano womwewu ukadabweranso pakhonde lomwelo.

Ife tikuona kuti pa anthu atatuwo, funso lolemera linali la mkuluyo, ngakhale kuti pa zamakina wolondola anali mphwawo. Kukakamiza Windows 11 pa laputopu yokalamba chotero ndiko kuthira vinyo watsopano m'matumba akale, ndipo wokonza mafoni uja, amene si munthu woipa koma wofuna kudya monga tonsefe, sadzakhalapo tsiku limene matumbawo adzaphulike ndi kaundula wa kalabu. Komanso amene amalalikira za Linux m'mizinda, kumene mnzako wodziwa ali pa khomo lachiwiri ndipo intaneti siidukaduka, amaiwala kuti chaulere chopanda wokuphunzitsa chili ndi mtengo wake, umene amaulipira ndi munthu wokhala kutali.

Chimene chinathetsa nkhani ndi mwayi umene Linux ili nawo, woti munthu angathe kuiyendetsa kuchokera pa fulashi osakhudza kanthu m'kati mwa makina. Mphwayo anali nayo pa fulashi ina m'thumba la malaya. Anaiyatsa, natsegula pepala limodzi la alangizi limene linali m'foni ya amalume ake, ndipo mizere ya mayina ndi makilogalamu inaoneka yonse m'malo mwake. Mkuluyo anayesa kulemba dzina la membala mmodzi ndi chala chimodzi, nawonkhetsa manambala atatu, napeza kuti makina agwirizana ndi kope. Pamenepo anavomera, koma anaika lamulo lakuti kopelo silitayidwa, ndi kuti mphwawo asakwere basi asanaphunzitse mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 zonse zofunika, kuzilemba pa pepala ndi kuzimata pakhoma. Wokonza mafoni analandira ya kabaza, natsazika mwaulemu, nanena kuti nambala yake ali nayo ndipo adzamuitana okha.

Kuikako sikunatenge nthawi, batire la sola linapirira. Pamene panachedwa ndi pa mapu a dziko lapansi, pomwe makina amafunsa kumene munthu ali kuti akonze wotchi: mphwayo atagogoda pa Malawi panatuluka dzina la Blantyre, ndipo amalume anadandaula kuti likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975, nanga Blantyre walowapo bwanji. Anawayankha kuti, amalume, pa Windows mukadasankha Harare ndi Pretoria, pakuti nthawi ndi imodzi. Mkuluyo anayang'ana wotchi ya pamkono pake, naona kuti yatsalira ndi mphindi zinayi, ndipo anakana kuisintha kufikira atamva nkhani za pa wailesi.