ULENDO WA MASIKU ATATU WOKAONA DZIKO LATHU

Tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, pa 6 Julaye, likagwa Lachisanu kapena Lolemba, antchito a Boma ndi aphunzitsi amakhala ndi masiku atatu opumula. Ambiri amathera masikuwo pakhomo. Komatu alipo aphunzitsi ochuluka amene chaka ndi chaka amaphunzitsa ana za Cape Maclear ndi za mtsinje wa Shire, pamene iwo eni sanapondeko phazi. Alendo a kutsidya kwa nyanja amataya ndalama zambiri kudzaona malo amenewa, nabwerera kwao akudziwa dziko lathu koposa eni ake. Masiku atatu ngokwanira kuchotsa manyazi otere, makamaka anthu anayi akasonkherana ndalama za petulo, nakwera galimoto imodzi. Ndiponso mbadwa ya Malawi imalipira zochepa pa chipata cha nkhalango za nyama kusiyana ndi mlendo wakunja.

TSIKU LOYAMBA: DEDZA NDI MUA

Ponyamuka ku Lilongwe m'mamawa, malo oyamba kuima ndiwo mapiri a Chongoni, pafupi ndi boma la Dedza. M'mapanga ndi pa matanthwe a kumeneko muli malo 127 okhala ndi zojambula za makolo, ndipo bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, anthu osaka nyama amene adakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zikhudza chinamwali ndi Nyau. Ku Chentcherere nkosavuta kufikako. Tengani munthu wodziwa malowo akutsogolereni, pakuti safunsa adadya phula. Musaiwale chovala chofunda, chifukwa chisanu cha ku Dedza m'mwezi wa Julaye sichisekera munthu.

Kuchoka apo mseu utsika phiri mokhotakhota kufikira ku Golomoti, ndipo chakumpoto pang'ono kuli mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers adaikhazika mu 1902. Pamenepo Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, osungirako miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Mphunzitsi wa mbiri yakale adzapeza m'zipinda zitatu za pamenepo zambiri zimene buku la m'kalasi limangotchula mwachidule.

TSIKU LACHIWIRI: KU NYANJA

Ku Cape Maclear kuli nkhalango yotetezedwa ya Nyanja ya Malawi, imene Boma lidaipatula mu 1980 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna, tinsomba ta mawanga tokhala m'miyala, tamitundu mazanamazana tosapezeka kwina kulikonse. Pomwepo mpamene Dr Robert Laws ndi anzake adamanga mishoni yoyamba ya Livingstonia mu 1875. Malungo adawasautsa, nasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo manda a anzawo amene adatsala alipo kufikira lero.

Madzulo ake muime pa Mangochi, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 kukumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu Julaye 1946. Anthu ambiri amadutsa pamalopo ndi liwiro, osadziwa kuti alambalala mbiri ya nkhondo ndi ya maliro a mtundu wathu.

TSIKU LACHITATU: LIWONDE

Nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa mu 1973. Padafika nthawi imene misampha ya opha nyama mobisa idachuluka, ndipo njovu zinali kutuluka kukaononga minda ndi kupha anthu m'midzi yozungulira. Mu 2015 Boma lidapangana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira nkhalangoyo. Mpanda wamagetsi udamangidwa, misampha idazulidwa, mikango idabwezedwamo mu 2018. Njovu zidachuluka kotero kuti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zidasamutsidwa pa magalimoto kupita ku Nkhotakota.

M'nyengo yachilimwe nyama zimasonkhana kumtsinje. Wokwera bwato pa Shire amaona mvuu, ng'ona ndi njovu zakumwa madzi. Koma chipembere chimabisala m'zitsamba, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Nyamukani dzuwa likali pamutu, kudzera ku Balaka ndi ku Ntcheu, kuti mdima usakupezeni pa mseu, pakuti ngozi zimachuluka m'masiku a tchuthi.

MAU KWA APHUNZITSI

Zina mwa zojambula za ku Chongoni zaonongeka ndi anthu olembapo maina awo ndi makala. Chimene chakhala pa thanthwe zaka mazana ambiri chikhoza kufafanizika tsiku limodzi, ndipo palibe mmisiri angachibweze. Alonda a Boma ngochepa, sangakhale pa phanga lililonse. Mlonda weniweni ndiye mwana amene mphunzitsi wake adaona malowo ndi maso, nabwera kudzamuuza mtengo wake. Tsono muyambe kusunga ya petulo mwezi uno.