Nthaka ikamatentha pansi: ndi phiri lophulika kapena moto wa m'dambo?

Alimi anzanga, chilimwe chikafika pachimake m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamamveka nkhani za malo ena m'dimba kapena m'dambo pomwe dothi limatentha koti munthu sangapondepo opanda nsapato. Pena pamatuluka utsi m'ming'alu. Ena amathamangira kunena kuti phiri la Dedza likufuna kuphulika, ena amaloza chala agogo a pamudzi kuti alodza munda. Tisanadane pachabe, tiyeni tione zimene zimatenthetsa nthaka.

Kodi kuno kuli phiri lophulika?

Iyayi. M'Malawi muno mulibe phiri lomwe likulavula moto masiku ano. Mapiri amene anaphulikapo kale omwe tayandikana nawo ali ku Rungwe, kufupi ndi Mbeya m'dziko la Tanzania. Phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, pamodzi ndi mapiri a Chongoni, ndi miyala yolimba imene inazizira zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo. Ndi zoona kuti pansi pa dziko ndi potentha, koma kutenthako kumakwera ndi madigiri 25 kapena 30 okha pa kilomita iliyonse imene munthu angakumbe. Khasu silingafike kumeneko.

Madzi otentha ochokera pansi

Kum'mawa kwa boma la Dedza, mukamatsika ku Golomoti, dziko linang'ambika n'kupanga chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malawi. M'tsinde mwa mapiriwo mumadutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. Ming'alu ya m'chigwachi ndi imene imabweretsa zivomezi, monga chija cha pa 10 Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima ndi madera ena a Dedza.

Madzi a mvula amalowa m'ming'alu yotere, n'kutsikira pansi kwambiri pomwe miyala ndi yotentha, kenako n'kutumphuka ali otentha. Umu ndi m'mene amapangikira akasupe a Mawira ku Nkhotakota ndi a ku Chiweta m'boma la Rumphi, ndipo madzi a ku Chiweta amapitirira madigiri 70. Malo otere sasowa: pamakhala ponyowa, pamafuka nthunzi m'mamawa, pena pamamveka fungo ngati la mazira oola, ndipo pamatentha chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe. Akuluakulu a m'mudzi amapadziwa kuyambira kale. Akasupe otere amapezeka kawirikawiri m'zigwa, osati kumtunda monga ku Bembeke kapena ku Lobi.

Malasha nawo amatha kuyaka pansi kwa zaka zambiri. Koma malasha ali ku Mchenga m'boma la Rumphi, ku Karonga, kuchigwa cha Shire ndi ku Moatize m'dziko la Mozambique. Miyala ya kumapiri a Dedza si yokhala ndi malasha.

Thanthwe losazama

Pali minda ina m'mbali mwa mapiri momwe thanthwe lili pafupi, dothi pamwamba pake n'lochepa. Dothi lotere limauma msanga, ndipo likakhala lakuda komanso lopanda chophimba, dzuwa la Okutobala limatha kulitenthetsa mpaka kupyola madigiri 50. Chizindikiro chake n'chakuti m'bandakucha pamakhala pozizira ngati pena paliponse. Mankhwala ake ndi kuphimbira ndi mapesi kapena udzu, ndi kuthira manyowa.

Moto wobisala m'dambo

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ife a kumtunda. M'madambo ena momwe madzi amakhala chaka chonse, udzu ndi mizu zikafa siziola bwino chifukwa mpweya sulowa. Zimangounjikana n'kupanga dothi lakuda, lofewa, lopepuka likauma. Dothi limeneli ndi nkhuni ndithu. Tikakumba ngalande zakuya kuti tilime mbatata ya kachewere ndi kabichi, kapena tikadzala bulugamu m'mphepete mwa dambo, kapenanso kukagwa chilala monga cha 1992 ndi 2016, madzi amatsika ndipo dothilo limauma.

Ndiye pabwere ana osaka mbewa kapena mwini dimba wotentha zinyalala. Moto wa pamwamba umazima tsiku lomwelo, koma wina umalowa pansi kudzera m'ming'alu ndi m'mizu. Kumeneko umanyeka pang'onopang'ono wopanda lawi, monga muja amapsera makala mu uvuni, ndipo umatha milungu kapena miyezi. Ku Indonesia moto wa mtundu womwewu unawononga dera lalikulu zedi mu 1997 ndi 2015. Chitsa cha mtengo nachonso chimatha kunyeka motere mpaka kumizu.

Ngozi yake ndi yakuti pamwamba pamaoneka bwinobwino pomwe pansi pasanduka dzenje la phulusa lamoto. Mwana kapena ng'ombe ikapondapo imatitimira n'kupsa miyendo. Ndipo dimba limatha. Chaka choyamba mbewu zimakondwa ndi phulusa, koma chonde chenicheni chapita ndi utsi, nthaka yatsika, ndipo sisunganso chinyezi. Dothi lotere limakwera ndi pafupifupi milimita imodzi yokha pachaka, kotero lomwe lapsa mwezi umodzi ngakhale zidzukulu zanu sizidzalionanso.

Zoyenera kuchita

1. Tchingani malowo ndi minga, ndipo ana ndi ziweto asayandikire.
2. Pitanipo m'bandakucha. Muli chapatali, zikani ndodo yaitali yachitsulo. Ikatuluka yotentha, youma ndi ya phulusa, ndi moto. Ikatuluka yonyowa ndi yofunda, mwina ndi madzi a pansi.
3. Ngati ndi moto, kumbani ngalande kuzungulira malowo mpaka mufike pa dothi lolimba kapena pa madzi. Kenako thirani madzi ambiri uku mukutembenuza dothi. Kuwaza pamwamba chabe sikuzimitsa.
4. Tsekani ngalande zochotsa madzi kuti dambo linyowenso.
5. Uzani a mfumu ndi alangizi a zaulimi. Ngati kutentha kukupitirira mvula itagwa kale, ofesi ya DC ingathe kuitana akatswiri a miyala ochokera ku Zomba.

Chaka chino, musanayatse machesi m'dimba, yambani mwafukula dothi ndi dzanja. Likakhala lakuda, louma ndi lopepuka ngati gaga, zinyalalazo ingozikwirirani zisanduke manyowa.