Akufa ali m'munda: adulidwe kapena amasulidwe?

Chikondwerero cha zaka 50 za Dungeons & Dragons mu 2024 chinakumbutsa anthu kuti masewero okamba nthano pa tebulo sanathe. Anayambira m'tauni yaing'ono ya Lake Geneva ku Wisconsin mu 1974, ndipo mpaka lero safuna zambiri: pepala, pensulo, madayisi ndi munthu mmodzi wodziwa kusimba nkhani.

Loweruka lina madzulo, kuchipinda chakumbuyo kwa sitolo ina ya masewero ku Johannesburg, anthu asanu anazungulira tebulo. Wotsogolera, bambo wandevu, anayala pepala la timabokosi n'kujambulapo mudzi: chitsime pakati, kachisi pambali, munda wa tirigu kutsidya kwa mtsinje. M'mundamo anandandalikamo zitsekerero za mabotolo khumi ndi ziwiri. Kenako anatsitsa mawu. Mwezi uli mbee, anatero, ndipo m'mundamo muli anthu akukolola usiku, osalankhulana, osaweramuka. Mmodzi akadali m'nsalu imene anamuika nayo m'manda mwezi watha. Mwini munda, wamatsenga wolemera, ali pakhonde kuwerenga matumba.

Mnyamata amene ankasewera ngati msilikali sanazengereze. Anatola dayisi ya mbali 20 kuti adule mutu wa woyambayo, ndipo malamulo anali kumbali yake. M'buku la zilombo la masewerowa la 2014, zombi, wakufa woyenda ngati amenewa, ndi chinthu choyenda pang'onopang'ono, chosavuta kuchimenya, chanzeru zochepa, ndipo chinaikidwa m'gulu la zoipa. Chovuta chake n'chakuti nthawi zina lupanga limene likanachimaliza limachisiya chili chilili.

Dayisi isanagwe, mtsikana wina wa ku Dedza amene amagwira ntchito mumzindawo anamugwira dzanja. Iye ankasewera ngati wansembe, amene m'masewerowa ali ndi mphamvu yothamangitsa akufa, koma anakana kuigwiritsa ntchito. Anauza anzakewo kuti kwawo anthu oterewa amawadziwa: ndi ndondocha, munthu amene abale ake analira maliro ake pomwe wina anamutenga mwamatsenga, n'kumudula lilime, n'kumubisa m'nkhokwe kuti azimulimira. Pa nkhani zotere palibe amene amakwiyira ndondochayo. Mkwiyo umapita kwa mwini nkhokwe. Anatsegula bukulo n'kuloza pamene pakusonyeza kuti zombi imamva zilankhulo zimene inkadziwa ili moyo, kungoti singathe kulankhula. Ngati akumva, anafunsa, tiwadule bwanji tisanawaitane ndi mayina awo?

Apa masewero anaima, mkangano unayamba. Msilikali uja ananena kuti wagwira ntchito sabata yonse ndipo wabwera kudzapumula, osati kudzakhala pabwalo la milandu. Kwa iye ubwino wa zombi ndi womwewo: ndi mdani amene ungamumenye usiku wonse mtima osakutsutsa. Mfundoyi si yopanda pake, ndipo otsogolera ambiri amasankha akufa pa chifukwa chomwechi. Wina anawonjezera kuti mukayamba kumvera chisoni chilombo chilichonse, nthano siyenda.

Komabe mbiri ili kumbali ya mtsikanayo. Zombi inachokera ku Haiti, dziko limene akapolo a m'minda ya nzimbe anagalukira Afalansa mu 1791 n'kupeza ufulu mu 1804. Kumeneko chinali chinthu choopsa kwambiri kuganiza kuti ngakhale imfa singakumasule ku ntchito ya bwana. Anthu sankaopa kudyedwa ndi zombi, ankaopa kusandutsidwa zombi, ndipo nthano zawo zimati ikalawa mchere imadzidzimuka n'kuzindikira zimene yachitidwa. Akufa odya anthu anadzatchuka pambuyo pake, makamaka ndi filimu ya Night of the Living Dead ya 1968. Masewero a pa tebulo anatenga mbali zonse ziwiri: amasunga wamatsenga wolamula mitembo, koma amaphunzitsa osewera kuona mtembowo ngati chinthu chongodula. Wotsogolera amene waika akufa m'munda wa munthu wolemera wabweza nkhaniyo kumene inachokera, ndipo sangadabwe wina akafunsa kuti wolakwa ndani.

Bambo wandevuyo sanaweruze. Anapatsa mtsikanayo dayisi kuti aitane mmodzi wa akufawo ndi dzina. Inagwa pa 14, ndipo wansalu uja anasiya chikwakwa n'kucheuka. Msilikali anadandaula pang'ono, kenako anasuntha kachidole kake kulunjika pakhonde la wamatsenga. Wotsogolera anatsala ndi ntchito yopezera mayina zitsekerero khumi ndi chimodzi sabata yotsatira isanafike.

Pa shelefu ya sitoloyo panali tizidole ta zombi ta pulasitiki tambirimbiri, tonse totambasula manja kutsogolo, pakamwa pali yasa. Panalibe kogwira khasu kapena chikwakwa, ndipo wogulitsa anati palibe amene anafunsapo kotero.